Malaya Oyera Ndinasita Ndekha

1

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kwathu ku Bilila, ndiye musayembekezere Chichewa cha pa wailesi. Ndilemba mmene ndimalankhulira. Amene akwiye akwiye, ine ndinakwiya kale.

Dzina langa ndi Etta. Ndimakhala ku Woolwich kuno ku London, ndipo ntchito yanga ndi yokolopa maofesi eni ake asanadzuke. Amuna anga anali a Levy Mpulula, ankasamalira nkhalamba. Tinabereka mwana mmodzi, Chiye, amene akuphunzira unesi. Chichewa amamva chonse, koma kuti achilankhule mpaka zinthu zithine.

Tsiku limene tinkachoka ku Ntcheu, apongozi anga, mayi awo a Levy, sanandipatse dzanja. Sanandikondepo chikhalire. Anangondiloza ndi chala.

"Iwe Etta, za ku Ulayazi wamuika m'mutu ndiwe. Chabwino. Koma mwana wangayu ndakubwereka. Wamoyo kapena wakufa, udzandibwezere. Malo ake ali pambali pa bambo ake."

Ndinati, "Ndamva, amayi."

A Levy akakumbukira mawuwo ankaseka, koma nawonso ankanena zomwezo. Nyengo yozizira ikafika ankaloza manda a azungu tili pa basi n'kunena kuti, "Nankhoma, ndikadzafa usadzandisiye muno. Ndingadzazizidwe."

Lonjezo linali limenelo basi. Kubweza munthu kwa mayi ake. Mwana wa Sitandade 1 akhoza kulimva. Koma onani zimene amuna ovala masuti anachita nalo.

2

A Levy sanali chidakwa, sanali wa akazi, ndipo dzanja sanandikwezerepo. Matenda awo anali juga. Mumsewu wathu mashopu a beti ndi ambiri kuposa ogulitsa buledi, ndiye akaweruka ankalowa "kukaona mpira", n'kukakhala pa makina mpaka maso kufiira. Timapepala ta beti ankabisa m'masokosi. Ine pochapa ndinkatipeza titanyowa ndi thukuta, ndipo ndinkatiyala pa mbale yawo m'malo mwa ndiwo.

Ndinalira, ndinatukwana, ndinasala kudya. Palibe chinasintha mpaka pamene a Evance Gomwa analowererapo.

A Gomwa anali mkulu wa mpingo wathu, umene umasonkhana mu holo yobwereka pamwamba pa shopu ya makapeti. Munthu wa madigiri, wonunkhira, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula.

"Mayi Mpulula, dziko lino lili ndi malamulo," anatero. "Munthu akhoza kudziletsa yekha kutchova juga. Amamujambula chithunzi, ndipo mashopu, makasino, ngakhale za pa foni, zonse zimamutsekera chitseko."

Anatiperekeza okha. Ku shopu ya pakona tinapeza mtsikana wa ku Zambia, dzina lake Anna, ndiye anajambula a Levy. Kwina konse a Gomwa anayendetsa okha. Ndipo zinathekadi! Tsiku lina a Levy anayesera kulowa, anabwezedwa pakhomo ngati galu. Anabwera kunyumba ali ndwii, ine ndikuvina m'khichini.

A Gomwa anathandizanso amuna ena a mumpingo chimodzimodzi. Azimayi tinkawatcha Mose.

Kenako analengeza pa guwa: "Kwathu munthu akamasulidwa amakwera phiri kukapemphera. Kuno phiri kulibe, koma tapeza nyumba ku Kent, m'mbali mwa nyanja. Kumapeto kwa mwezi uliwonse amuna omasulidwa tizipita kumeneko, Lachisanu mpaka Lolemba. Kusala kudya. Mafoni ozimitsa. Azimayi ayi. Pamaso pa Mulungu tizikaima ndi jekete ndi malaya oyera."

Tinaimba nthungululu. Malaya oyerawo ndinakagula ndekha pa msika wa Woolwich, ndipo Lachinayi lililonse la ulendo ndinkawasita mpaka kolala kuima. Lolemba a Levy ankabwera maso ali psuu, mawu atasasa, osafuna kucheza. Ine n'kumati ndi Mzimu. Ndinaperekanso umboni kutchalitchi, ine chitsiru, maikolofoni ili m'manja.

3

Lolemba lina masana ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinaona a Gomwa, akazi awo a Petronella, ndi amuna ena awiri. A Levy panalibe.

"Tilowe, mayi. Khalani pansi."

"Ali kuti?"

"Khalani pansi kaye."

"Ndati ali kuti!"

A Gomwa anavula magalasi. "Bambo Mpulula atisiya. Mtima. Agwa ali chogwada, pemphero lili pakamwa. Imfa yotere ndi ya oyera mtima, mayi."

Zimene ndinachita sindikuzikumbuka. Ndinangozindikira mipando atatulutsa, matiresi ali pansi, ine ndili pamenepo atandifunditsa nsalu, azimayi atandizungulira akuimba. Fulati yathu inasanduka siwa. Poti kunja kunkazizira, amuna anakhala m'khichini ndi m'khonde, mbale ya chipepeso ili pakati pawo.

Ndinaimbira apongozi. Sanalire pa foni. Anangofunsa kuti, "Afika liti?"

"Posachedwa, amayi. Akuluakulu a mpingo akuyendetsa."

"Adzukulu ndawauza kale."

Kwathu namfedwa sayenda. Amakhala pansi n'kumalira, za mtembo amayendetsa ndi amuna. Ine ndinakhala pansi. Sabata inatha. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Ali kwa kolona, wofufuza za imfa uja, mayi. Mukudziwa kuno, munthu akafa mwadzidzidzi amayamba amupima."

"Ndikufuna ndikawaone."

"Salola pakadali pano."

"Ndikangoona nkhope yokha."

"Mwambo, mayi. Inu khalani, ife tilipo."

A Petronella ankandisisita pamsana. "Limbani mtima, asisi. Abambo akunyumba sakugona chifukwa cha nkhani yanuyi."

Tsiku lina ndinaganiza kuti mtembo sungakwere ndege popanda pasipoti. Ndinatuma Chiye kuti atenge chitini cha mabisiketi chimene timasungamo mapasipoti. Yanga inalimo, yake inalimo. Ya bambo ake munalibe.

Nditawafunsa a Gomwa, sanaphethire n'komwe. "Ili ndi ine, mayi. Ndinatenga kale."

Anatenga liti, poti chitinicho chimakhala pansi pa bedi langa? Funsolo linandibwerera, koma azimayi anayambitsa nyimbo ina, ndipo ndinalimeza.

4

Sabata yachiwiri apongozi ankaimba tsiku lililonse. "Etta, anthu atopa kugona panja. Chimanga chatha. Mwana wanga ali kuti?"

Ndinkangoona a Levy ali m'kabati yozizira kwinakwake, okha, munthu woopa kuzizira uja.

Chiye analowa m'khichini n'kuwafunsa a Gomwa dzina la chipatala, akuti aimbeko yekha. Ndinamva akumudula. "Mwana iwe, unesi wa chaka chimodzi usakupusitse. Izi ndi za akuluakulu." Amuna ena anaseka pang'ono. Mwana wanga anabwera kudzakhala pambali panga.

Mwina pofuna kundiziziritsa mtima, mawa lake a Gomwa anabweretsa chikwama chimene a Levy anapita nacho kuphiri. Ndinalowa nacho kuchipinda n'kutseka. Munali Baibulo, mswachi, thawulo, kabudula wogonera. Jekete ndi malaya oyera munalibe. Ndinanunkhiza thawulo lija n'kulira mpaka mphuno kutseka.

Lachitatu nditachitsegulanso, pansi penipeni panali masokosi opindidwa. Manja anga anachita okha zimene anazolowera. Ndinalowetsa chala.

Munali kanthu kolimba.

Kanali kozungulira ngati ndalama yachitsulo, koma ka pulasitiki, kofiira, ka mizere yoyera m'mphepete. Pakati panali chithunzi cha nangula ndi dzina lachizungu.

Ndinaitana Chiye. Atakaona nkhope inasintha. Analankhula Chichewa.

"Amama, ichi ndi cha ku kasino."

"Bambo ako analetsedwa ku kasino."

"Ndikudziwa, amama. Koma ndi cha ku kasino."

Ndinavala jasi pamwamba pa nsalu, n'kuvala nsapato. Pabalaza azimayi anasiya kuimba.

"Asisi, mukupita kuti?" anatero a Petronella. "Namfedwa satuluka!"

"Namfedwa wa ndani? Mtembo mwauona inu?"

Ndinawalumpha miyendo n'kutuluka.

5

Anna anali pa kauntala pomwe paja, kuseri kwa galasi. Atandiona ndi duku lakuda anagwira pakamwa.

"Mami, ni ba Levy? Iyee, pepani. Sininamve."

Ndinaponya kanthu kaja pansi pa galasi. "Munawalola kulowa. Munandinamiza kuti mwatseka, munawalola."

Anakatembenuza, n'kuwerenga dzina. "Aka si kathu, mami. Muno tilibe matchipi. Ndipo si ka kasino ya mu London. Aka ni ka pa sitima."

"Sitima yanji?"

"Ya pamadzi. Ija ikulu, ya maulendo ya pa wikendi. Inyamuka pa Chisanu, ifika ku Belgium, pa Mande yabwela."

"Ndiye juga ikukhudzana bwanji ndi sitima?"

"Mukati muli kasino, mami. Ikali pafupi na England niyotseka. Manje ikangopita patali, pakati pa nyanja, batsegula. Mawilo, makadi, makina, vonse."

"Koma a Levy analetsedwa! Chithunzi unajambula ndiwe, ndi manja akowa!"

Anna anayang'ana kumbuyo ngati bwana wake akumva, kenako anatsitsa mawu. "Chiletso chija chigwila pa mtunda. Pamadzi paja sipali pa England. Sitima ili na mbendela ya dziko ina ya kutali, malamulo ni ya kwamene uko. Chithunzi cha ba Levy kulibe amene anachiona kuja. Bambili bamene tinaletsa muno ndiye bathawila kwamene kuja, nimabamva bakamba pa khomo apa."

"Amavala chiyani?"

"Mami?"

"Kumeneko. Amavala chiyani?"

"Ati madzulo bafuna jekete na shati. Ni malo ya ulemu."

Mafoni ozimitsa: pakati pa nyanja netiweki ichokera kuti? Pasipoti. Maso ofiira Lolemba. Kolala yoima ija.

Kumbuyo kwanga mzungu wina wokalamba anati ndifulumire, hatchi zake zikunyamuka. Zimene ndinamuyankha m'Chichewa sindingalembe m'magazini.

6

Nditabwerera sindinapite pa matiresi. Ndinalunjika kukhichini kwa amuna. Analipo ambiri tsiku limenelo, akumwa tiyi wanga, a Gomwa ali pampando wa a Levy.

"Mayi, kuno si kwanu," anatero.

"Ndabwera kudzapereka chipepeso."

Ndinakweza dzanja n'kusiya kanthu kaja kagwere m'mbale. Kanalira kuti ngwee, n'kuzungulira, n'kugona.

Abale anga, mukudziwa chimene chinandipha? Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" Onse anayang'ana pansi. Onse.

"Phiri lanu ndi limeneli?" ndinatero. "Yankhani! Inu a Mose, phiri lanu limayandama?"

Azimayi anali atadzaza pakhomo. A Gomwa anaimirira, manja m'mwamba. "Mayi Mpulula ali ndi chisoni, tiyeni tiwapempherere..."

"Mukanditchulira Mulungu ndikuthirani tiyi wamotoyu. Amuna anga ali kuti?"

Amene anasweka ndi Reinford, nesi wa ku Edmonton, mmodzi wa omasulidwa aja. Anayamba kulira ngati mwana.

"Amayi, ndikhululukireni. Ku Kent sitinapiteko n'kamodzi komwe. A Gomwa akabweretsa gulu pa sitima amawapatsa chipinda chaulere ndi zina. Anatiuza kuti si tchimo poti sitikuswa lamulo lililonse, akuti kamodzi pamwezi ndi mankhwala."

"Reinford, khala chete!" anakuwa a Gomwa.

"Ayi, a Gomwa, ndatopa! Amayi, a Levy anagwa Loweruka pa tebulo la juga ya wilo. Ine ndi amene ndinawapopa pamtima mpaka dokotala wa sitima kubwera. Sitima itafika ku Belgium anatsitsa mtembo. A Gomwa anauza azungu kuti iwo ndi mchimwene wawo, ndipo mkazi ali kumudzi ku Africa, alibe foni."

Ine, wa ku Woolwich, wa foni ziwiri.

"Ndinkateteza dzina la mpingo," anatero a Gomwa. "Ndi dzina la amuna anu. Mukanakonda anthu amve kuti anafera pa juga? Mtembo ukanadutsa malire, mapepala akanaulula zonse. Mabanja onsewa akanatha."

"Ndiye mumati muchita nawo chiyani?"

Ndinatembenukira kwa Reinford.

"Reinford! Amati achita nawo chiyani?"

"Anasainira kuti awotchedwe, amayi. Amati adzakuuzani kuti achipatala awotcha okha chifukwa cha matenda opatsirana. Atiuza kuti ndi Lachinayi."

Limenelo linali Lachitatu madzulo.

Mayi wina anakuwa. A Petronella sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa amuna awo, n'kugwira kolala ya malaya awo ndi zala ziwiri.

"Evance. Malaya aja ndimasita aja?"

Zotsatira zake sindinazione. Ine ndinali kale kuchipinda, ndikukoka chitini cha mapasipoti.

7

Chiye anamulanda Reinford dzina la malo owotcherawo n'kuyamba kuimba. Anali atatseka. Anasiya uthenga, analemba pa foni, anaimbanso. Palibe anayankha.

M'mawa tinakwera sitima ya panjanji yoyamba, ija imadutsa pansi pa nyanja. Ine chibwerere ku England ndinali ndisanapiteko dziko lina la azungu. Njira yonse ndinkangonena chamumtima kuti, a Levy dikirani, a Levy musalole, ndikubwera. Titalowa mumdima wa pansi pa madzi ndinaganiza kuti pamwamba pathupa ndi pomwe anagwera.

Chiye ankangoimbabe. Foni inayankhidwa tili kale ku Belgium, koma mayi amene anayankhayo anati abwana ake ndi amene angalankhule, tingobwera.

"Wawauza kuti asayatse?"

"Ndawauza, amama."

"Wawauza kuti ndine mkazi wawo? Wa ukwati wa kutchalitchi?"

"Ndawauza."

Tinasintha sitima, kenako takisi. Malowo anali oyera ngati banki, maluwa pakhomo. Ndinalowa ndikuthamanga, nsapato imodzi itavuka chidendene, ndikukuwa m'Chingerezi changa cha mopu ndi ndowa: "Musawotche! Mkazi wake ndine! Musawotche!"

Panatuluka bambo wamtali wa imvi. Anayang'ana pasipoti yanga, anayang'ana setifiketi ya ukwati imene Chiye anatenga. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anatilowetsa m'kachipinda n'kutipatsa madzi. Anayamba kulankhula ndi Chiye motsitsa, ndipo ndinaona mwana wanga akutsetsereka pampando.

"Akuti chiyani? Chiye, akuti chiyani?"

"Amama... akuti mchimwene wawo uja anaimba sabata yatha kuti afulumize. Anachita Lolemba."

Lolemba. Tsiku limene a Gomwa anandibweretsera chikwama. Ine ndikununkhiza thawulo, amuna anga ali pamoto. Ndipo Lachitatu lija m'khichini muja, munthu uja ankadziwa, koma anandisiya ndithamange.

Bambo wa imvi anatuluka n'kubwera ndi kamtsuko kachitsulo, kotuwa, kotsekedwa pamwamba. Anakaika patebulo ndi manja awiri. Ankangopepesa.

Ndinakanyamula. A Levy anali munthu wamtali, nsapato zawo zinkasowa m'mashopu. Ndinawanyamula ndi dzanja limodzi.

"Afunse anavala chiyani," ndinatero.

Chiye anafunsa. "Akuti zomwe anabwera nazo. Jekete ndi malaya oyera. Akuti anali osita bwino."

Pamenepo ndiye ndinagwa pansi.

8

Musaganize kuti sindinayende. Titabwerera ku London ndinapita kupolisi, kamtsuko kali m'chikwama. Wapolisi anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa kuti anafera m'madzi a dziko liti. Pa pepala la imfa, pamalo polemba kumene munthu wafera, panali manambala okhaokha. Palibe mudzi, palibe tawuni. Anati za bodza la uchimwene zinachitikira ku Belgium, ndikadandaule kumeneko. A ku Belgium anati ndipeze loya. Chiye anaimbira a boma oyang'anira juga, anati sitimayo chiphaso chake si cha kuno, ndipo kutengera anthu akuluakulu pa ulendo si mlandu. Eni sitima anatumiza maluwa.

Aliyense anali waulemu. Aliyense anapepesa. Aliyense anandilozera khomo lina.

Koma khomo limene ndinkaliopa linali la ku Ntcheu. Ine amene sindisowa mawu, pa foni ndinalephera. Ndinangoti, "Amayi, tifika Loweruka."

"Manda akumba kale," anatero. "Aakulu bwino, poti mwana wanga ndi wamtali."

Ndege yonse kamtsuko kanali pamiyendo panga, nditakakulunga m'chitenje. Ku Lilongwe tinachita hayala galimoto yaing'ono. Titakhota pa msewu wafumbi wa kwawo kwa a Levy, ndinaona khamu. Azimayi anathamangira galimoto akulira, n'kuyang'ana kumbuyo kwathu kudikira ina yonyamula bokosi. Kunalibe ina. Kulira kunayamba kuzima, mmodzimmodzi.

Malume awo a Levy anatsegula buti. Munali masutikesi awiri.

"Bokosi lili kuti?"

Ndinatsika. Ndinayenda mpaka pakhonde pomwe apongozi anakhala. Anali atakalamba, atachepa, koma chala chija chinali chomwecho.

"Etta. Mwana wanga ali kuti?"

Ndinagwada, n'kumasula chitenje, n'kuika kamtsuko pamphasa. Ndipo ndinanena zonse, mokweza, kuti wakumbuyo amve. Juga, chithunzi, phiri, sitima, a Gomwa, moto. Sindinawaveke a Levy ungelo, sindinadzichotsemo uchitsiru wanga. Chiye anagwada pambali panga akulira.

Nditamaliza kunabuka phokoso.

"Mwano uwu!" anakuwa malume. "Tiike chitini m'manda? Tidziwa bwanji kuti ndi iyeyo? Mkazi uyu wadya ndalama za bokosi, watibweretsera phulusa la mbaula! Abwerere nacho komweko!"

Ena anavomereza. Adzukulu anayamba kunong'onezana kuti chiyambire sanaikepo zotere. Ine ndinangoti basi, ndalephera. Andithamangitse, ndikawasunge pamwamba pa wadiropu ku Woolwich, azizizidwa mpaka Yesu adzabwere.

Apongozi sanayang'ane aliyense. Anatambasula manja n'kunyamula kamtsuko kaja. Anakakweza pang'ono, n'kukatsitsa, n'kukakwezanso, ngati mayi woyesa ufa pamsika.

"Achimwene, khalani chete," anatero kwa malume. "Munamunyamulapo inu?"

Anakakwezanso kamtsuko kaja.

"Tsiku limene ndinamubereka ankalemera chonchi. Ndi yemweyu."

Kenako anandiyang'ana. "Ndipatse nsaluyo."

Ndinawapatsa chitenje chija. Anaimirira movutika, anawerama, n'kuika kamtsuko kumsana. Chiye anathamanga kukagwirizira. Anakulunga nsalu, n'kumanga mfundo pachifuwa, mmene amaberekera khanda. Anatenga ndodo yawo n'kuyamba kuyenda kulowera kumanda, okha. Khamu linapatuka. Mayi wina anayambitsa nyimbo, ndipo anthu anayamba kutsatira, malume omwe.

Ine ndinali chigwadire. Atayenda pang'ono anaima, osatembenuka.

"Etta, ukudikira chiyani? Sunandibwezere bwino. Koma wandibwezera. Tiye."

9

A Levy anagona pambali pa bambo awo, m'dzenje lalikulu la munthu wamtali. Sakuzizidwa.

Ine ndinabwerera ku mopu wanga. Kutchalitchi kuja sindipitako. A Petronella anachoka pabanja, ndipo nthawi zina timakumana pa basi n'kukhala limodzi. Reinford anakauza yekha mkazi wake zonse. A Gomwa sanagonepo m'chitokosi ngakhale tsiku limodzi. Ndamva kuti pano akupemphera ku mpingo wina cha ku Croydon, ndipo ayamba kale kuthandiza mabanja ovutika ndi juga. N'chifukwa chake ndalemba, ndipo dzina lawo sindinalisinthe. Akafuna akandisumire. Tikaone ngati bwalo lake lili pamtunda kapena pamadzi.

A Levy ndimawakwiyirabe. M'mawa wina ndimadzuka ndikuwatukwana, wina ndimadzuka ndikufunafuna phazi lawo m'bulangeti. Anali wodwala, ndipo munthu amene anatiperekeza kukatseka zitseko ndi yemweyo anawerenga odwala onse n'kukawatsegulira zenera.

Inu azimayi anzanga, kuno ndi kwathu komwe, ndikuuzeni zimene sukulu sinandiuze. Lamulo lili ndi malire ngati munda, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kudziwa pomwe mzere womaliza wathera. Mwambo wathu woti namfedwa akhale pansi ndi wabwino ngati amuna ali panjawo ndi anthu. Ine ndinakhala pansi mwaulemu, ndikuimba, mpaka amuna anga anapsa. Ndikanaimirira tsiku loyamba n'kunena kuti sindidya, sindigona, mpaka ndione nkhope, bwenzi apongozi anga atasambitsa mwana wawo.

Ndiye mukamva kuti abambo akupita kuphiri ndipo foni ikhala yozimitsa, musathamangire kusita malaya. Yambani mwagwada pansi pa bedi, mutsegule chitini cha mapasipoti.